Mzere Umene Unasowa pa Mphezi

"Ndiye akuti mkulu ameneyo, Newton," anatero Yankho Chipeni atakhala pa ngodya ya tebulo, kapu ya tiyi ili m'manja, "anali ndi amphaka awiri, wamkulu ndi kamwana. Amphakawo ankamusowetsa mtendere, kukanda chitseko kuti alowe, kukandanso kuti atuluke. Tsiku lina anaitana kalipentala. 'Undiboolere mabowo awiri m'munsi mwa chitsekomu, lalikulu la mphaka wamkulu, laling'ono la kamwanaka.'"

"Ehe, ndiye?" anafunsa aphunzitsi a Jografe.

"Kalipentala akuti, 'Pepani bwana, kodi kamwanako sikangamadutse pa bowo lalikulu lomwelo?' Munthu woti anayeza kayendedwe ka mwezi, kukamwa yasa!"

Chipinda chonse cha aphunzitsi chinagwa ndi phwete. Ngakhale ahedi, Mayi Susana Kalilangwe, amene ankadutsa pakhomo ndi mafayilo, anaima n'kupukuta misozi. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. Elifala Chikuse anapitiriza kuchonga makope a Fomu 4, cholembera chofiira chikukanda pepala mwamphamvu.

"Nkhani imeneyo ili pa tsamba lanji la silabasi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Aa, madala, ndi mchere chabe umenewu. Ndiwo zake ndi zanuzo."

"Mchere wopanda umboni. Ndani anawaona amphakawo?"

"Musiyeni mwana, a Chikuse," anatero ahedi. "Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

Ananena mosereula n'kupitirira, koma mawuwo anamulowa Elifala ngati chisonga. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali ataphunzitsa Fizikisi pa sekondale imeneyi, kumtunda kwa Kasakula, kumene mphepo ya m'mapiri imalowera m'mawindo osweka. Anafika pasukulupo labu ilibe kanthu. Anasonkhanitsa yekha mabatire akale, mawaya a m'mawailesi akufa, masipoko a njinga ndi mabotolo, mpaka ana anayamba kukhoza. Analembanso kabuku ka masamba makumi anayi kofotokoza phunziro lonse mwadongosolo, ndipo makope ake anali m'kabati, atamangidwa ndi chingwe. Ana ankamuopa ndi kumulemekeza. Kumukonda, sankadziwa.

Yankho anabwera mu 1995, atangotuluka kukoleji. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, pamene aliyense wokhala ndi makina otayipira ankayambitsa nyuzipepala yake. Nayenso anayambitsa yake: pepala limodzi, lolembedwa mbali zonse, theka Chingerezi theka Chichewa, lotuluka Lachisanu lililonse. Analitcha Mphezi. Pamwamba pankakhala nthabwala ya wasayansi wina wakale, pakati funso loti ana alimbane nalo, m'munsi kanthu koti munthu ayese yekha ndi zinthu za pakhomo. Poyamba linkangomatidwa pa bolodi ya zidziwitso. Kenako madalaivala a matola anayamba kulinyamula, ndipo linafika ku Ntchisi boma, ku Mponela, ku Madisi, mpaka kumasukulu a ku Dowa boma. Aphunzitsi ena anatengera, n'kuyamba kupukusa mapepala awo ndi kumatumizirana. Ngakhale mphunzitsi wina wothawa kwawo ku Burundi, wokhala ku Dzaleka, ankatumiza lake lolemba pamanja, Chingerezi chake chopunduka koma masamu ake olongosoka.

Makina opukusira mapepalawo anali m'kachipinda ka kuseri kwa labu, ndipo kiyi ankasunga Elifala monga mkulu wa dipatimenti ya sayansi. Lachinayi lililonse ankaupereka kiyiwo ngati munthu wopereka dzino lake.

Chimene chinamuwawa kwambiri chinachitikira kunyumba kwake. Masana ena akuweruka anamva kuseka kuseri kwa khitchini. Anaima. Kuseka kumeneko ankakudziwa, koma panali patapita nthawi asanakumve chonchi, kotuluka pansi pa mimba. Anapeza mkazi wake Margareta atakhala pa mphasa, lichero la nyemba lili pambali, m'manja muli pepala lothimbirira mafuta.

"Chakuseketsani n'chiyani, mayi a Hana?"

"Pepalali anandikulungiramo usipa kumsika. Tamverani, bambo a Hana. Akuti wasayansi wina ankafuna kuwiritsa dzira. Wantchito pobwera anapeza bwana agwira dzira m'manja akuliyang'anitsitsa, wotchi ndiyo ili m'poto ikubwata!" Anasekanso mpaka kutsokomola. "Ndiye ndakumbukira tsiku lija munapita kutchalitchi ndi dasitala m'thumba m'malo mwa buku la nyimbo."

"Si zofanana zimenezo."

"N'zofanana ndithu. Mnyamata uja ali ndi mutu. Ine zaka zonsezi ndimayesa Fizikisi ndi chilango cha ana, osadziwa kuti muli anthu ngati ife tomwe."

"Ndakhala ndikukufotokozerani Fizikisi chikwatiranireni."

"Mumafotokoza, inde. Koma inu mumafotokoza ngati mukuwerenga chigamulo kukhoti."

Elifala analowa m'nyumba. Anavula tayi, n'kukhala pa mpando kwa nthawi yaitali akuyang'ana khoma. Panja Margareta anali kuwerengera mayi wa nyumba yoyandikana nkhani yomwe ija, ndipo onse awiri anali kuseka.

Mu June, mphepo ya mwera itayamba, Yankho anawonjezera chinthu chatsopano pa Mphezi. M'munsi mwenimweni anaika kabokosi ka mutu woti "Werenganinso awa," n'kulembamo mayina a aphunzitsi anzake ndi mapepala awo: wa ku Mponela wolemba za nyenyezi, wa ku Madisi wodziwa kukonza mabatire, wa ku Dzaleka uja, ndi ena atatu. Elifala anaima pa bolodi belu litalira, ana onse atalowa m'makalasi. Anawerenga kabokosiko kawiri, chala chikutsika mzere ndi mzere. Dzina lake munalibe. Munthu wokhala naye tebulo limodzi, wom'patsa kiyi sabata ndi sabata, anakumbukira mlendo wa ku Burundi n'kuiwala kabuku ka masamba makumi anayi kamene kanali m'kabati ya kumbuyo kwake.

Sabata yomweyo ahedi analengeza pa msonkhano wa aphunzitsi kuti akuluakulu a zamaphunziro amva mbiri ya Mphezi. Ankafuna mphunzitsi mmodzi wa sayansi wa m'dera lonselo kuti akalankhule pa msonkhano waukulu ku Lilongwe mu Ogasiti, za momwe angaphunzitsire popanda zipangizo.

"Ndiye atchula dzina la a Chipeni," anatero ahedi. "Tiwaombere m'manja."

Elifala anaomba nawo, kawiri. Kuphunzitsa popanda zipangizo! Anayang'ana zala zake, zimene zinali ndi zipsera za mawaya ndi asidi wa m'mabatire. Aphunzitsi a Jografe anamugunda ndi chigongono.

"Musadandaule, achimwene. Tsabola wakale sawawa, koma amanunkhirabe."

"Ndani wakuuzani kuti ndikudandaula?"

"Nkhope yanu. Ikuoneka ngati mwatafuna mandimu."

Lachinayi lotsatira, chakum'mawa, Yankho anabwera akuthamanga, chikwama chili paphewa, maso ali ofiira. Uthenga unali utafika woti malume ake amwalira ku Madisi. M'manja munali stensulo yotayipa kale, pepala lija amalikoleka pa makina popukusa makope.

"Madala, ndithandizeni. Ndatayipa mothamanga, mutu suli pamalo. Mundiyang'anireko ndi maso anu a ukatswiriwo, mukaona cholakwika mukonze, kenako mundipukusire makope makumi asanu ndi limodzi. A Enoki adalaivala adzawatenga mawa m'mawa. Anthu azolowera, ndikadumphitsa sabata amadandaula."

"Siyani pamenepo," anatero Elifala.

"Zikomo kwambiri. Ndinadziwa kuti simungandikanire."

Ana ataweruka, Elifala anatsekula kachipinda kaja. Munkanunkha inki ndi fumbi. Anakweza stensulo kuwindo kuti kuwala kudutse m'zilembo, n'kuyamba kuwerenga. Pamwamba panali nkhani ya Mgiriki uja amene akuti anatuluka m'bafa ali chibadwire n'kumathamanga mumsewu akufuula kuti wazipeza. Elifala anafwenthera m'mphuno. M'munsi munali koyesa ka sabata imeneyo, kosonyeza kuti mpweya umene watizungulirawu uli ndi mphamvu. Ankakadziwa bwino, anali atakachita ndi ana kambirimbiri. Umatenga chitini cha mafuta ophikira chopanda kanthu, kuthiramo madzi pang'ono, kuchitereka pamoto mpaka nthunzi ituluke. Ndiye umachiphula, kuchitseka msanga, n'kuchithira madzi ozizira. Chitinicho chimafwanyika chokha ngati wachiponda ndi phazi.

Koma pa stensulo panalembedwa kuti: Thirani madzi pang'ono. Terekani pamoto mpaka nthunzi ituluke kwambiri. Tsekani mwamphamvu. Dikirani muone zodabwitsa, kenako thirani madzi ozizira.

Mzere woti chitini chiphulidwe pamoto panalibe.

Elifala anauona nthawi yomweyo. Chitini chotseka chikakhalabe pamoto sichifwanyika, chimaphulika. Mwana wa Fomu 2 amene anadutsa m'manja mwake akanadziwa zimenezo. Botolo la mankhwala ofufutira stensulo linali pa shelefu, makina otayipira anali mu ofesi, mtunda wa mapazi makumi awiri. Ntchito yake inali ya mphindi zisanu.

Anaimirira pamenepo stensulo ili m'manja. Anaganiza za aphunzitsi a ku Mponela ndi ku Madisi akuwerenga mzerewo n'kupukusa mitu. Anaganiza za kalata imene wina angalembe, yoti kodi katswiri wanuyu sadziwa ngakhale izi? Anaganiza za ahedi akuwerenga kalatayo, ndi za Ogasiti. Mumtima anadziuza kuti mphunzitsi aliyense wa sayansi aona yekha kuti pali posoweka, palibe amene angatseke chitini chili pamoto. Kungoti mwanayu aphunzirepo kuti sayansi si nthabwala.

Anakoleka stensulo pa makina, n'kuyamba kupukusa. Mapepala anagwa limodzilimodzi, onyowa inki, mpaka anakwana. M'mawa anawapereka yekha kwa Enoki, dalaivala wa matola, pa siteji.

Sabata inatha kuli zii. Yankho anabwerako kumaliro atameta, n'kumuthokoza pamaso pa anthu. Elifala ankayang'ana thumba la makalata tsiku lililonse, kudikira kalata yotsutsa. Kalata sinabwere. Amene anabwera ndi Enoki, Lachitatu la sabata yachiwiri, n'kuimika galimoto yake pa geti penipeni, chinthu chimene sankachita.

"Aphunzitsi a Mphezi ali kuti?" anafunsa. "Pepala lanu lavulaza munthu."

Nkhani yake inali yotere. Kusukulu ina ya kumudzi, kuseri kwa Mtengowanthenga, imodzi mwa sukulu zija ana osasankhidwa amaphunzirako sekondale, kunali Mayi Faines Kaphuka. Anali mphunzitsi wa pulayimale amene anangokwezedwa kuti aziphunzitsa sayansi chifukwa kunalibe wina. Labu analibe, buku anali nalo limodzi. Mphezi ndiye inali mphunzitsi wake, ndipo ankaitsatira mzere ndi mzere ngati malangizo a mankhwala. Lolemba anabweretsa mbaula ndi chitini m'kalasi, ana makumi asanu ndi awiri atamuzungulira. Anatseka chitini chili pamoto monga pepala linanenera. Chitayamba kufufuma ndi kulira, anakankhira ana kumbuyo n'kuthamangira kuti achichotse. Chotsekera chinafwamphuka chili m'manja mwake. Nthunzi ndi madzi otentha zinamuwaula dzanja lamanja mpaka m'khosi. Ana onse anapulumuka. Iye anagonekedwa masiku awiri kuchipatala cha mishoni.

Yankho anathamangira pa bolodi, n'kuthothola pepala lija. Analiwerenga, kenako anakhala pansi pa khonde, pa simenti pomwepo, manja ali kumutu.

"Ndadumpha mzere," ankangobwereza. "Mayo ine, ndadumpha mzere."

Tsiku lomwelo ahedi anaitana awiriwo mu ofesi. Analankhula mosakweza mawu. Mphezi iyambe yaima. Za ku Lilongwe alembera akuluakulu kuti a Chipeni sapita, ndipo m'malo mwawo apereka dzina la a Chikuse, munthu wosamala, wodziwa ntchito.

"Koma a Chikuse, inu simunaone pamene munkapukusa?"

Yankho ndiye anayankha, mutu uli pansi. "Musawavutitse madala, mayi. Ndinangowasiyira mothamanga. Wotayipa ndine, mlandu ndi wanga."

Elifala anatsegula pakamwa. "Inki inali yochepa," anatero. "Maso anali pa makina."

Anatuluka mu ofesimo atapeza zonse zimene ankafuna. Lachisanu pa bolodi panalibe pepala, panangotsala timisomali. Pa nthawi ya tiyi aphunzitsi ankamwa mwakachetechete, wina n'kumayatsa wailesi kuti pamveke kanthu. Yankho ankaphunzitsa maphunziro ake, n'kumapita kwawo osacheza ndi munthu. Anali atapita kale kukapepesa Mayi Kaphuka, ndipo anabwerako ataonda ngati wadwala mwezi. Ana a Fomu 3 anamupempha nthabwala tsiku lina, iye anangowauza kuti atsegule tsamba 52.

Elifala anayamba kukonzekera za ku Lilongwe. Anamasula chingwe cha timabuku take, n'kufufuta fumbi. Koma akati alembe mawu oyamba, cholembera chinkangoima. Chakudya chinasiya kumukomera. Loweruka lina masana Margareta anamupeza pakhonde, pepala lili pamwendo lopanda chilembo.

"Bambo a Hana, ndikufunseni kanthu?"

"Funsani."

"Inu mukawerenga kalata ya Hana yochokera kusukulu, mumaibweza mutaichonga ndi cholembera chofiira. Chikwangwani cha pa golosale ya a Elia munapita kukawauza kuti chasowa chilembo chimodzi. Ndiye mundiuze ine kuti pepala la Fizikisi linadutsa m'manja mwanu, makope makumi asanu ndi limodzi, inu osaona kuti mzere wasowa?"

Elifala anayang'ana kumapiri. Lole ya fodya inali kukwera chitunda pang'onopang'ono, utsi wakuda uli m'mbuyo.

"Ndinauona," anatero.

Margareta sanakuwe. Anakhala pansi pa sitepe, n'kukonza chitenje chake pa mawondo.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkafuna amuseke. Kamodzi kokha, anthu amuseke iyeyo m'malo moseka naye. Sindinaganize kuti kuli munthu amene angatseke chitini pamoto."

"Munaganiza za aphunzitsi onga inu. Za ife osadziwa simunaganize. Ndikanakhala ine ndi pepala limenelo, nanenso ndikanatseka." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Mwana uja anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndicho chimene chimandipweteka. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino."

"Ndiye ku Lilongweko mukalankhula chiyani? Mukawaphunzitsa kusamala?"

Anadzuka n'kulowa m'nyumba, kumusiya ndi funsolo.

Lolemba Elifala anapeza Yankho mu labu akutsuka mabotolo yekha. Anatseka chitseko. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anabalalika.

"A Chipeni, mzere uja ndinauona. Ndisanapukuse. Ndinauona, ndinadziwa chimene chingachitike, ndipo ndinausiya dala."

Yankho anapitiriza kutsuka botolo limene linali m'manja mwake mpaka linayera. Analiika pa tebulo mosamala, n'kutembenuka.

"Dala?"

"Dala."

"Ine ndinakupatsani chifukwa ndinkadziwa kuti m'boma lonse lino mulibe maso oposa anu. Mukudziwa kuti koyesa kachitini kaja ndinakatenga kuti? M'kabuku kanu, tsamba 17. Theka la zimene ndimalemba m'munsi mwa Mphezi ndimazitenga m'menemo."

"Nanga bwanji simunalembe dzina langa m'kabokosi kaja?"

Funsolo linatuluka lokha, ndipo Elifala anachita manyazi polimva. Yankho anamuyang'ana modabwa.

"Ndinkaopa. Mumati pepala langa ndi zibwana. Ndinkati ndikaika dzina lanu pa zibwana mukwiya." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye nkhani yonseyi ndi kabokosi? Mukanangonditsina khutu, madala. Tinali pa tebulo limodzi."

"Ndikhululukireni."

"Cholakwa changa chikadali changa, mzere ndinadumpha ndine. Koma masabata atatu awa sindinagone tulo, inu mukundiyang'ana. Zimenezo sindingakuuzeni lero kuti zatha." Anatenga botolo lina. "Ndipo amene anapsa si ine. Mukanene kwa Mayi Kaphuka."

Elifala anapita kaye ku ofesi ya ahedi. Anafotokoza zonse ataimirira, n'kupempha kuti dzina lake lichotsedwe pa za ku Lilongwe. Mayi Kalilangwe anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndalemba kale makalata awiri, a Chikuse. Mukufuna ndilembe yachitatu, akuluakulu aziti pasukulu pano pali misala?" Anapumira m'mwamba. "Ndilemba. Sapita aliyense. Kiyi wa makina musiye pa tebulopo."

Anausiya.

Loweruka m'mawa anakwera matola a Enoki, atanyamula timabuku take khumi m'jumbo ndi nkhuku imene Margareta anamanga miyendo. Anatsikira ku Mponela, n'kukwera minibasi, kenako anayenda wapansi ola lathunthu m'njira ya fumbi yodutsa m'minda ya fodya yokololedwa kale. Anawapeza Mayi Kaphuka pakhonde la kanyumba ka njerwa zosawotcha. Anali mayi wamfupi, wa zaka ngati makumi anayi, dzanja lamanja litakulungidwa bandeji mpaka m'chigongono, khungu la m'khosi lili lotuwa pamene linasupuka. Anali kuyesa kulemba ndi dzanja lamanzere pa kope la mwana.

Atalonjerana, Elifala ananena dzina lake ndi kumene wachokera. Nkhope ya mayiyo inawala.

"Kwa a Mphezi! Mwana uja ali bwanji? Anabwera kuno akulira ngati wamasiye. Ndinamuuza kuti asiye zimenezo, kulakwitsa kulipo. Bwanji pepala silikubweranso? Ana anga akundifunsa tsiku ndi tsiku."

"Mayi, ine ndabwera ndi mawu ovuta. Mundilole ndiwanene onse musanandiyankhe."

Ananena. Sanachepetse kanthu, ngakhale za kabokosi. Mayi Kaphuka anamvetsera osamudula, cholembera chikadali m'dzanja lamanzere. Atamaliza, kunamveka nkhuku yokha ikukupiza mapiko pansi.

"Ndiye inu munkadziwa kuti chiphulika."

"Ndinkadziwa."

"Pa benchi ya kutsogolo pamakhala ana asanu ndi mmodzi, bambo. Ang'onoang'ono ndimawaika kutsogolo kuti aone bwino." Mawu ake sanakwere. "Mkangano wanu wa anthu ophunzira unatsala pang'ono kuchotsa maso a ana a eni."

Elifala anawerama.

Mayiyo anayang'ana bandeji yake. Kenako analoza jumbo ya mabuku ndi chibwano.

"M'menemo muli chiyani?"

"Timabuku ta Fizikisi. Ndinalemba ndine."

"Nkhukuyo mubwerere nayo, sindidya nkhuku ya mlandu. Mabuku musiye. Adokotala akuti choko sindigwira mpaka mwezi wamawa, ndipo ana anga a Fomu 2 ali ndi mayeso. Za magetsi sitinayambe n'komwe, chifukwa ineyo sindizimvetsa." Anamuyang'ana m'maso. "Mumati mumadziwa. Loweruka lililonse muzibwera, muziwaphunzitsa, ine nditakhala kumbuyo ndi kope langa. Za kukhululuka tidzakamba ndikadzamasula bandejiyi, ndione chimene chatsala."

"Ndizibwera, mayi."

"Musanene kuti muzibwera. Lero ndi Loweruka."

Anaitana mtsikana wake kuti akaimbe belu, chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pa mtengo wa mango. Elifala anavula jekete, n'kupinda manja a malaya. Ana anayamba kutulukira m'njira za m'minda, ena ali ndi makasu, akufunsana kuti kwagwanji kusukulu tsiku la Loweruka. Mayi Kaphuka anatsogola, iye akutsatira pambuyo ndi jumbo ya mabuku.